Mafunso ndi Mayankho: Kufananitsa Makonzedwe a Seva Yaikulu ya Mafoni ndi Seva Yodikirira

Malo amene sangagwire ntchito popanda mafoni, monga zipatala, mabanki ndi maofesi olandira mafoni a makasitomala, nthawi zambiri amakhala ndi maseva awiri: yaikulu imene imanyamula ntchito tsiku ndi tsiku, ndi ina yodikirira kuti ilowe m'malo yaikuluyo ikafa. Kugula seva yachiwiri sikuvuta. Chovuta n'chakuti tsiku limene ikufunikalo ipezeke ikudziwa zonse zimene inzake inkadziwa. Zitsanzo zambiri m'mayankhowa ndazitenga pa Asterisk, pulogalamu yoyendetsa mafoni, ndi FreePBX, tsamba loyang'anira Asterisk, poti ndi zimene anthu ambiri amazipeza mosavuta, koma mfundo zake zimagwira pa PBX ya mtundu uliwonse, kutanthauza makina olumikiza mafoni a mu ofesi.

Kufananitsa makonzedwe n'kutani, ndipo kukusiyana pati ndi backup?

Kufananitsa, kumene akatswiri amangoti sync, ndi kutumiza kusintha kulikonse kochitika pa seva yaikulu kuti kukafikenso pa yodikirira. Mwawonjezera nambala yamkati ya wantchito watsopano, mwasintha maola otsegulira ofesi, mwajambula moni watsopano: zonsezi zikapezekenso uko.

Backup ndi chinthu china. Iyo imasunga mmene zinthu zinalili dzulo kapena sabata yatha, kuti mukalakwitsa mubwerere m'mbuyo. Sync sibwerera m'mbuyo. Mukafufuta mwangozi manambala makumi asanu pa seva yaikulu, sync yogwira bwino ntchito ikawafufutanso pa yodikirira, ndipo ikakhala yachangu imachita zimenezi musanazindikire n'komwe kuti mwalakwitsa. Choncho muyenera kukhala nazo zonse ziwiri, ndipo backup isungidwe pamalo achitatu, osati pa imodzi mwa maseva awiriwo.

Kwenikweni ndi zinthu ziti zimene ziyenera kupita ku seva yodikirira?

Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa zimene PBX imadziwa sizikhala malo amodzi. Pa Asterisk zimamwazikana m'malo osachepera anayi.

Oyamba ndi mafayilo a mu /etc/asterisk. Fayilo ya pjsip.conf imasunga mafoni ndi ma trunk (malaini olumikiza PBX ndi kampani ya mafoni), extensions.conf imasunga njira imene foni iliyonse imadutsa, queues.conf mizere yodikirira, voicemail.conf mabokosi a mauthenga. Amenewa aliyense amawakumbukira.

Achiwiri ndi database. Pa FreePBX zonse zimene mumalemba pa tsamba loyang'anira zimalowa mu MariaDB, pulogalamu yosunga ma database, mu database yotchedwa asterisk, pamene mbiri ya mafoni onse oyimbidwa imakhala mu asteriskcdrdb.

Achitatu ndi mawu: moni ndi malangizo ojambulidwa mu /var/lib/asterisk/sounds, nyimbo zomvera podikira mu /var/lib/asterisk/moh, mauthenga osiyidwa mu /var/spool/asterisk/voicemail, ndi makambirano ojambulidwa mu /var/spool/asterisk/monitor. Makonzedwe akanena kuti woyimba amve fayilo yakuti koma fayiloyo kulibe, woyimbayo amangomva zii, kenako n'kudula.

Achinayi ndi amene amaiwalika kwambiri, ndipo ndi amene ndimafuna muwasamale: kafayilo ka /var/lib/asterisk/astdb.sqlite3, kodziwika kuti AstDB. M'menemu mumakhala zinthu zimene antchito amasintha okha pa foni, osadzera kwa inu. Munthu akadina *72 pa FreePBX kuti mafoni ake azipita ku foni yam'manja, kapena *78 kuti asasokonezedwe, kapena wolandira alendo akasinthira ofesi ku makonzedwe a usiku, zonsezo zimalembedwa m'menemu. Antchito amene alowa mumzere woyankha makasitomala amakumbukiridwanso m'menemu ngati mwayatsa persistentmembers. Mukasiya kafayiloka, seva yodikirira imadzuka manambala onse ali bwinobwino koma dokotala wa usiku sakupezeka, chifukwa kutumiza kwa mafoni ake kunatsala pa seva yakufa.

Onjezerani ma certificate a TLS (njira yobisa zodutsa pa netiweki) mu /etc/asterisk/keys, mafayilo amene mafoni a pa desiki amatenga akamayaka, malamulo a firewall, ntchito za cron (zodziyendera zokha pa nthawi yoikika), ndi ma script a AGI (timapulogalamu toitanidwa ndi Asterisk) amene wina analemba zaka zapitazo n'kuchoka. Ma certificate ochokera ku bungwe la Let's Encrypt amakhala a masiku owerengeka, kwa zaka zambiri akhala a masiku 90, kotero seva yodikirira ikakhala kuti siilandira atsopano, mafoni a TLS adzaikana tsiku limene mukuifuna.

Nanga pali zimene siziyenera kufanana?

Zilipo, ndipo kuzidziwa n'kofunika ngati kudziwa zokopa. Maseva awiriwa si mapasa. Iliyonse ili ndi dzina lake, adiresi yake ya IP, makiyi ake a SSH (njira yotetezeka yolowera mu seva), ndiponso server_id yakeyake mu MariaDB. Manambala a server_id akafanana, replication, kumene ndi kukopera database ku seva ina, imakana kuyenda. Ngati maseva ali m'nyumba zosiyana kapena pa intaneti yosiyana, mizere ya bind, local_net, external_media_address ndi external_signaling_address iyenera kukhala yosiyananso. Mukakopa adiresi ya seva yaikulu pa mizere imeneyi, foni imalira ndithu, munthu n'kuyankha, koma mawu amamveka mbali imodzi yokha kapena osamveka konse, chifukwa RTP, imene imanyamula mawuwo, ikutumizidwa kwa seva imene yafa.

Chinthu choopsa kuposa zonse ndi kulembetsa kwa trunk. Kampani yopereka laini imatumiza mafoni olowa ku adiresi imene yalembetsa, ndipo makampani ambiri amatsatira yolembetsa komaliza. Ndiye seva yodikirira ikakhala yoyaka ndipo yakopa dzina ndi pasiwedi ya trunk, nayonso imayamba kulembetsa. Zotsatira zake zimazunguza mutu: ola lino mafoni akulowa bwino, ola linalo akupita ku seva imene kulibe foni ngakhale imodzi yolumikizidwa, ndipo makasitomala akumva kuti nambala sikupezeka. Ndinakumanapo ndi vuto limeneli pa ofesi ina. Anthu anali atatha masiku akuimba mlandu kampani ya laini, pamene wakuba mafoniwo anali seva yawo yomwe, ili phee pa shelefu yapansi. Njira ya Warm Spare mu FreePBX ili ndi posankha kuti ma trunk akhale ozimitsa pa seva yolandira, ndipo chifukwa chake n'chimenechi. Ngati mwalemba script yanu, chitani zomwezo: kaya Asterisk ikhale yozima pa yodikirira mpaka nthawi yake, kaya ma trunk akhale m'fayilo yapadera imene imayatsidwa pokhapokha seva yatenga udindo.

Njira yabwino yosungira kusiyanaku ndi kuika zonse za seva imodzi m'fayilo yakeyake, n'kuilowetsa ndi #include, kenako n'kuuza rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, kuti isaikhudze pogwiritsa ntchito --exclude. Ziphaso za ma module ogula nazonso zimamangiriridwa ku makina amodzi, choncho funsani amene anakugulitsani za chiphaso cha seva yachiwiri lisanafike tsiku la mavuto.

Bwanji osangokopa /etc/asterisk yonse ndi rsync n'kuthana nazo?

Ngati mumalemba mafayilo a Asterisk ndi manja, njira imeneyi ikhoza kukufikitsani patali, bola mutapatula zimene tanena pamwambapa n'kuwonjezera mawu ndi AstDB. Koma pa FreePBX siikwanira. Mafayilo amene mayina awo amathera ndi _additional.conf amalembedwa mwatsopano kuchokera mu database nthawi iliyonse wina akadina Apply Config kapena kulemba fwconsole reload. Ndiye mukakopa mafayilo okha, seva yodikirira imaoneka yabwino mpaka pamene wina adzadina batanilo; pomwepo database yakale ya pa seva imeneyo imafufuta zonse zatsopano n'kubwezeretsa za miyezi yapitayo. Pa FreePBX gwero ndi database pamodzi ndi mafayilo othera ndi _custom.conf. Zimenezo ndiye zoyenera kuyenda, mafayilo enawo apangidwe komweko.

AstDB nayo musaikope ngati fayilo wamba Asterisk ikuyenda. Ndi SQLite, ndipo mukaigwira ili m'kati molembedwa mutha kutenga yoduka. Lamulo la .backup la sqlite3 limatulutsa kope yathunthu popanda kuimitsa ntchito. Poika kopeyo pa seva inayo, Asterisk ya kumeneko ikhale yozima.

Njira zofananitsira zilipo zingati, ndipo ndisankhe iti?

Zodziwika ndi zitatu, ndipo nthawi zambiri zimasakanizidwa.

Yoyamba ndi kukopa mafayilo. Pulogalamu ya rsync, imene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anaitulutsa mu 1996, imatumiza zosintha zokha osati fayilo yonse, ndipo imadzera mu SSH. Mukhoza kuiyendetsa ndi cron mphindi zisanu zilizonse, kapena kugwiritsa ntchito lsyncd imene imadikira kuti fayilo isinthe n'kuitumiza pakangopita masekondi ochepa. Ubwino wake ndi wakuti aliyense akhoza kuimvetsa, ndipo imagwira ngakhale maseva atatalikirana. Ingosamalani ndi --delete, ndipo lamulo latsopano lililonse muyambe mwaliyesa ndi --dry-run.

Yachiwiri ndi replication ya database. Seva yaikulu imalemba kusintha kulikonse mu binlog, kaundula wa zosintha, yodikirira n'kumawerenga ndi kubwereza. Imathamanga kwambiri, koma ikakumana ndi cholakwika chimodzi imaima osauza munthu. Komanso seva yodikirira ikadukidwa kwa nthawi yaitali kuposa masiku amene binlog imasungidwa, siingapitirize pamene inasiyira. Muyenera kuipatsanso database yonse. Galera, njira ina ya replication, imalola maseva onse kulemba, koma imafuna mavoti atatu kuti iyende mosatekeseka, kotero pa maseva awiri muyenera kuwonjezera garbd, kapulogalamu kongovota, pa makina ena.

Yachitatu ndi DRBD, ya kampani ya LINBIT, imene inalowa mu kernel ya Linux pa 2.6.33 mu 2010. Iyo siisamala za mafayilo; imakopa disiki yeniyeniyo, kachigawo ndi kachigawo. Pa protocol C, chinthu sichitengedwa kuti chalembedwa kufikira madisiki onse awiri atavomera, choncho palibe chotayika. Mukaika /etc/asterisk, database, AstDB ndi voicemail pa disiki imeneyo, simuderanso nkhawa kuti mwaiwala foda ina. Mtengo wake ndi uwu: disiki ya pa yodikirira simungaitsegule pamene yaikulu ikugwira ntchito, netiweki ya pakati pa awiriwa iyenera kukhala yachangu ndi yodalirika, ndipo mufunika Pacemaker ndi Corosync kuti ziziyendetsa kusinthana. Database ikawonongeka, kuwonongekako kumafikanso mbali inayo nthawi yomweyo.

Maganizo anga ndi awa. Ofesi imene ingapirire mphindi khumi popanda mafoni, ndipo ili ndi munthu mmodzi yekha wodziwa Linux, isankhe rsync ndi kope ya database, kusinthako kuzichitika ndi manja potsatira pepala lolembedwa bwino. DRBD ndi Pacemaker n'zabwino kumene kuli gulu loziyang'anira usana ndi usiku. Makina ovuta amene palibe akuwamvetsa amagwetsa mafoni kawirikawiri kuposa disiki yakufa.

Sync izichitika kangati?

Dzifunseni kuti mungalole kutaya za nthawi yaitali bwanji, chimene akatswiri amachitcha RPO. Manambala ndi njira za mafoni sizisintha pafupipafupi, kotero kutumiza kamodzi pa ola, kapena nthawi iliyonse mwasintha kanthu, n'kokwanira. Voicemail ndi AstDB zimasintha tsiku lonse, choncho zimafuna mphindi zochepa. Makambirano ojambulidwa ndi olemera. Atumizeni pa okha, muchepetse liwiro ndi --bwlimit kuti asadye netiweki imene mawu akudutsamo.

Kodi kusintha kungachitikire mbali zonse ziwiri?

Pewani. Kusintha kuzichokera mbali imodzi, kwa seva imene ili pa udindo, kupita kwa yodikirira. Mukalola mbali zonse, tsiku lina anthu awiri adzapereka nambala 214 kwa antchito awiri osiyana, ndipo palibe pulogalamu imene ingadziwe woyenera. Tsekani tsamba loyang'anira pa seva yodikirira, database yake muiike pa read_only, ndipo pa chikwangwani cholowera mulembepo moonekera kuti iyi ndi yodikirira. Kusunga mafayilo a makonzedwe mu Git kumathandizanso, chifukwa mumaona amene anasintha, chimene anasintha ndi tsiku lake.

Split brain n'chiyani, ndipo imabwera bwanji?

Ndi pamene maseva onse awiri akuganiza kuti ndi aakulu. Nthawi zambiri palibe seva imene yafa. Changoduka ndi chingwe kapena switch imene amalankhulirana. Yodikirira ikasiya kumva inzake imati yafa, n'kutenga adiresi, kulembetsa ma trunk ndi kuyamba kulemba pa disiki. Inayo nayo ikupitiriza ntchito yake osadziwa kanthu. Atambala awiri akulira m'khola limodzi: mafoni ena akupita uku, ena uko, mauthenga akusungidwa mbali zonse. Chingwe chikalumikizidwanso, DRBD imaona kuti madisiki asiyana ndipo kawirikawiri imakana kuwaphatikiza, kudikira kuti munthu asankhe mbali yotaya.

Pali zotchinga zitatu. Maseva azilankhulirana kudzera m'njira ziwiri zosadalirana, mwachitsanzo chingwe cholunjika pakati pawo kuwonjezera pa netiweki ya ofesi. Pakhale woweruza wachitatu, monga qdevice ya Corosync pa kamakina kena, kuti mbali imene yatsala yokha idziwe kuti ilibe mavoti okwanira. Ndipo pakhale fencing, imene mu Pacemaker imatchedwa STONITH: seva isanatenge udindo, iyambe yazimitsiratu inzakeyo kudzera mu IPMI (njira yolamulira seva muli kutali) kapena soketi yamagetsi yolamulidwa pa netiweki. Malangizo ambiri ofulumira amanena kuti muzimitse STONITH kuti cluster, gulu la maseva awiriwo, iyambe msanga. Pa makina ophunzirira palibe vuto, koma pa maseva onyamula mafoni a chipatala musatero.

Mafoni a pa desiki amadziwa bwanji kuti tsopano alankhule ndi seva ina?

Ngati maseva ali pa netiweki imodzi, njira yosavuta ndi adiresi yoyendayenda. Mafoni onse amadziwa adiresi imodzi yokha, ndipo Keepalived kapena Pacemaker imaisamutsira kwa seva imene ili moyo. Keepalived imagwiritsa ntchito VRRP: seva yaikulu imalengeza kuti ilipo sekondi iliyonse, ndipo ikaphonya katatu, yodikirira imatenga adiresiyo n'kuuza ma switch kudzera mu uthenga wotchedwa gratuitous ARP. Zimatenga masekondi atatu ndi pang'ono. Muonetsetse kuti Keepalived ikuyang'ananso ngati Asterisk yeniyeniyo ikuyankha, chifukwa makina akhoza kukhala oyaka pamene pulogalamu ya mafoni yauma.

Ngati ali kutali, gwiritsani ntchito DNS SRV, monga mmene RFC 3263 imafotokozera: dzina limodzi, maseva awiri, wa nambala yochepa ya priority ndiye woyamba kuyesedwa. Mafoni ambiri alinso ndi malo olembapo seva yachiwiri.

Koma adiresi kusamuka si mapeto a nkhani. Seva imadziwa kumene foni iliyonse ili chifukwa foniyo imalembetsa, ndipo nthawi yokhazikika yolembetsanso pa SIP, njira imene mafoni amalankhulirana ndi seva, ndi masekondi 3600, ola lathunthu. Seva yatsopano ikakhala kuti ilibe mndandanda wa olembetsa, antchito amatha kuyimba kunja koma iwo sangayimbiridwe kufikira foni iliyonse italembetsanso. Ichi n'chifukwa chake ambiri amatsitsa nthawiyi kufika pa mphindi ziwiri kapena zisanu. PJSIP, gawo la Asterisk loyendetsa SIP, imasunga olembetsa mu AstDB mukapanda kuisintha, kotero pa DRBD mndandandawo umasamuka nawo. Mafoni olumikizidwa pa TCP kapena TLS ayenerabe kutsegula kulumikizana kwatsopano.

Malaini a waya, monga E1 yonyamula mafoni 30 nthawi imodzi, sasamuka ndi pulogalamu. Pamafunika kabokosi kosinthira chingwe, kapena gateway yapadera yosandutsa lainiyo kukhala SIP kuti izitha kutsatira seva imene ili moyo.

Amene ali m'kati molankhula adzadulidwa?

Pa Asterisk, inde, nthawi zambiri. Mafoni amene ali m'kati amakhala mu memory, ndipo sync ya makonzedwe siikhudza zimenezo. Ngati mawu akuyenda molunjika pakati pa mafoni awiri osadutsa pa seva, anthuwo akhoza kumvanabe, koma sangathe kusamutsa foni kapena kuiika podikira. FreeSWITCH, pulogalamu ina ya PBX, ili ndi track-calls ndi lamulo la sofia recover, zimene zimasunga mafoni a m'kati mu database yogawana kuti seva ina iwatole, koma zimafuna kukonza mosamala. Auzeni akuluakulu a pa ntchito zimenezi poyambirira, asayembekezere chimene makina awo sangachite.

Kodi maseva awiriwa ayenera kukhala pa version imodzi?

Inde, kuphatikizapo ma module. Makonzedwe olembedwa ndi version yatsopano akhoza kukhala ndi mizere imene yakale siidziwa, ndipo matebulo a database amasintha maonekedwe. Chitsanzo chachikulu ndi chan_sip, gawo lakale la Asterisk loyendetsa SIP: PJSIP inabwera ndi Asterisk 12 mu 2013, ndipo chan_sip inachotsedweratu mu Asterisk 21 mu 2023. Seva ya 21 ikalandira sip.conf kuchokera kwa yakale, imayaka popanda foni ngakhale imodzi.

Pokweza version, imitsani sync kaye, kwezani yodikirira, iyeseni, samutsirani ntchito kumeneko, kenako mukweze inayo. Mukatero mwakweza komanso mwayesa kusinthana pa ulendo umodzi.

Wotchi ya seva ili ndi ntchito yanji pa nkhaniyi?

Rsync imayang'ana kukula kwa fayilo ndi nthawi imene inasinthidwa, njira za mafoni zimasintha potengera maola, ma certificate amayendera deti, ndipo pofufuza vuto muyenera kuika ma log a maseva awiri moyandikana n'kuwerenga mzere ndi mzere. Onse awiri azitenga nthawi ku gwero limodzi la NTP, kudzera mu chrony kapena ina yotero, ndipo time zone ikhale imodzi.

Ife tili ndi Cisco, osati Asterisk. Zimenezi zikutikhudza?

Zikukukhudzani, kungoti ntchito yaikulu inachitidwa kale ndi opanga. Mu Cisco Unified Communications Manager muli seva imodzi yotchedwa publisher, imene imasunga database yolembedwa, ndi ma subscriber amene amalandira makope. Publisher ikafa, mafoni amayendabe, ndipo zinthu zina za ogwiritsa ntchito monga kutumiza mafoni kwina zimasinthikabe, koma woyang'anira sangawonjezere foni yatsopano. Replication yake imathanso kuduka mwakachetechete, kawirikawiri chifukwa cha DNS kapena NTP. Lamulo la utils dbreplication runtimestate limaonetsa mmene zilili, ndipo nambala 2 ndiyo imatanthauza kuti zili bwino. Mafayilo ena, monga nyimbo zodikirira zimene mwaika nokha, sayenda ndi database. Mumawaika pa seva iliyonse.

Nanga chitetezo?

Zimene zikudutsa pakati pa maseva awiriwa ndi mapasiwedi a mafoni onse ndi a trunk, komanso mawu a anthu. Wakuba akapeza pasiwedi ya trunk amayimba mafoni a kunja kwa dziko usiku wonse, bilu n'kubwera kwa inu. Choncho rsync izidzera mu SSH, ndi kiyi yopangidwira ntchito imeneyi yokha, yoletsedwa kuchita china chilichonse. Rrsync imathandiza kutsekera kiyi mu foda imodzi. Replication ya MariaDB pa port 3306 ikhale pa TLS kapena mu VPN, ndipo DRBD ikhale pa chingwe chakechake. Seva yodikirira izilandira zigamba za chitetezo mofanana ndi yaikulu. Poti palibe amaiyang'ana, ndiyo imatsalira m'mbuyo, pamene ili ndi zinsinsi zofanana ndendende.

Ndingadziwe bwanji kuti sync ikuyendadi?

Musadalire kuti poti palibe uthenga wa vuto ndiye kuti zili bwino. Script ikafa siitumiza uthenga. Konzani kuti chenjezo lizibwera pamene sync yopambana yachedwa: script izilemba nthawi m'kafayilo ikamaliza bwino, ndipo pulogalamu yoyang'anira monga Zabbix kapena Nagios izikuwa kafayiloko kakakalamba. Pa MariaDB onani kuti Slave_IO_Running ndi Slave_SQL_Running zonse zikuti Yes, osangoyang'ana Seconds_Behind_Master. Pa DRBD madisiki onse azioneka UpToDate. Kamodzi pa tsiku yerekezani ma checksum a mafayilo ndi kuchuluka kwa manambala mbali zonse. Yang'aniraninso malo otsala pa disiki ya yodikirira, chifukwa makambirano ojambulidwa amaidzaza mosaonekera.

Komabe zonsezi zikhoza kuwala zobiriwira pamene m'kati muli nyerere, ngati nkhuyu yokoma pamaso. Umboni weniweni ndi kuyesa. Sankhani nthawi imene mafoni ndi ochepa, dziwitsani anthu, zimitsani seva yaikulu, ndipo muyimbe: kuchokera kunja kulowa, kuchokera m'kati kutuluka, foni ndi foni, mumzere wodikirira, kusiya uthenga ndi kuumvera. Mverani ngati mawu akumveka mbali zonse. Njira ya manambala angozi muitsimikize mosamala, mogwirizana ndi malamulo a kumene muli komanso ndi kampani ya laini, chifukwa ndi imene simungalole kuti ilephere. Nthawi ina yesani pozula chingwe cha netiweki m'malo mozimitsa makina, poti mavuto ake ndi osiyana. Ndipo pepala la malangizo aligwiritse ntchito munthu amene sanalilembe. Pamene iye wakakamira m'pamene pafunika kukonza. Ine ndimalimbikitsa kuchita zimenezi miyezi itatu iliyonse, komanso pambuyo pa kusintha kwakukulu kulikonse.

Seva yaikulu yakonzedwa. Ndingoiyatsa n'kubwerera?

Ayi, dikirani. Ino ndi nthawi imene zinthu zambiri zimatayika. Pa maola kapena masiku amene yodikirira inali pa udindo, yasunga mauthenga atsopano, mbiri ya mafoni, mwinanso manambala atsopano. Seva yakale ikadzuka cron yake ili yoyaka, rsync yokhala ndi --delete imatumiza zakale n'kufufuta zonsezo m'mphindi zisanu.

Kuti zimenezi zisachitike, script ya sync isanatumize kanthu izifunsa kaye ngati seva imene ikuyendapo ndiyo ili ndi adiresi yoyendayenda. Ngati ilibe, iime. Mu Keepalived ikani nopreempt, maseva onse atayambira pa BACKUP, kuti yobwererayo isalande adiresi yokha. Yatsani seva yokonzedwayo Asterisk ndi cron zili zozima, tengani backup ya mbali zonse, kenako tembenuzani njira: imene ili pa udindo itumize zonse kwa yobwerayo, ndipo database ya yobwerayo imangidwenso kuchokera kwa inzake.

Ngati mbali zonse zinalandira mauthenga, musaphatikize mafoda a voicemail mwachisawawa. Asterisk imatcha mauthenga msg0000, msg0001 ndi kupitiriza m'bokosi lililonse, choncho mauthenga awiri osiyana akhoza kukhala ndi dzina limodzi, wina n'kufufuta mnzake. Asintheni manambala musanawaike pamodzi. Pa mbiri ya mafoni, kupatsa seva iliyonse systemname yakeyake mu asterisk.conf kumachititsa kuti uniqueid ya foni iliyonse iyambe ndi dzina la seva, ndipo pophatikiza mumadziwa kumene mzere uliwonse unachokera.

Zonse zikafanana, dzifunseni ngati kubwerera kuli kofunika n'komwe. Ngati maseva awiriwa ali ndi mphamvu zofanana ndipo malaini amafika kwa onse, imene ili pa udindo ikhoza kungokhala yaikulu kuyambira tsikulo, yokonzedwayo n'kukhala yodikirira. Ngati mukufunadi kubwerera, sankhani usiku kapena tsiku lopuma, imitsani kusintha kulikonse kwa ola limenelo, tumizani sync yomaliza, samutsani adiresi, ndipo mubwereze mafoni onse oyesera aja musanapite kunyumba.